Ndinkayesa chisanu chandigwirira ntchito

Loweruka lija la mu Malichi

Ndinali nditangoweruka ku shifiti ya usiku. Tulo tinali m'maso, koma dzuwa linali litatuluka, ndipo kuno ku Dundee, ku Scotland, dzuwa likatuluka mu Malichi sulowa m'nyumba msanga, umayamba waliothera ngati buluzi. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, kapu ya tiyi ili m'manja, kuti ndikaone miphika yanga ya maluwa.

Ndikuti yanga, koma eni ake enieni ndi agogo a nyumba yoyandikana nafe. Chaka chinacho, mawondo atayamba kuwakanika, anandiitanira pa mpanda n'kundipatsa miphika 7 ya heuchera, duwa la masamba ofiira moderako ngati chidede chokhwima. Anati anayamba ndi tsinde limodzi ana awo akadali pa sukulu, ndipo akhala akuligawa zaka zonsezi. "Ili silifa," anatero. "Ungolithirira. M'chisanu limagona, kukafunda limadzuka lokha."

Mphika woyamba masamba ake anali atalefuka pang'ono. Ndinati mwina ndi ludzu. Ndinagwira tsamba limodzi kuti ndione pansi pake, ndipo duwa lonse linangonyamuka, kubwera m'dzanja mwanga ngati chipewa. Panalibe chokoka. Nditalitembenuza, kunsi kwake kunali kosalala ngati kometedwa, muzu ngakhale umodzi osaoneka.

Ndinaika kapu pansi, n'kukhuthulira dothi la mu mphikamo pa thumba la pulasitiki. Dothilo linali lozizira mpaka zala kuchita dzanzi, m'mbali mwake mukadali timiyala ta madzi oundana. Ndipo m'kati mwa dothi lozizira chonchilo munali mphutsi. Zoyera mbee, zonenepa, zopindika ngati chikhadabo chowengedwa, kamutu kofiirira, miyendo zilibe. Kutalika kwake pafupifupi sentimita imodzi. Sizinali zakufa ayi. Zinkadzipinda ndi kudziwongola pang'onopang'ono ngati munthu wokhuta amene mwamudzutsa masana.

Ndinayamba kuwerenga, sindikudziwa chifukwa chake. Mu mphika umodzi wokhawo ndinapeza 43. Pofika pa mphika wachisanu ndinali nditasiya kuwerenga, tulo titabalalika, tiyi atazizira. Miphika iwiri yokha ndiyo inali ndi mizu.

Kambalame ka chifuwa chofiira kaja, robin, kanatera pa mpanda n'kumandiyang'ana chopendeketsa mutu. Ndinakankhira thumba lija chapatali. Iko kanadya chamasana tsiku limenelo, ine ayi.

Zomwe ndinabwera nazo m'mutu

Ine ndine mwana wa ku Dedza, ndipo ndinkadzitama kuti kuzizira ndikukudziwa. Ndinakulira pa munda wa chimanga, nyemba ndi kachewere, ndipo nkhondo ya tizilombo ndinkaidziwa mwa kwathu: mvula yagwa, mbewu zamera, adani afika, mwalimbana nawo, mwakolola, basi. Kenako chilimwe chimabwera n'kuumitsa chilichonse. Munda umakhala mbee miyezi ingapo, tizilombo tilibe chodya. N'chifukwa chake alangizi amalimbikira zoti ziputu za fodya ndi thonje zizulidwe mukangokolola, kuti mdani asapeze pobisala kudikira chaka chamawa.

Komanso adani athu ambiri amaonekera. Ntchemberezandonda zitavuta mu 2017, aliyense ankaziona ndi maso: masamba obooka, ndowe zake ngati utuchi mu mtima mwa chimanga. Amayi ankayenda phata ndi phata kuthira dothi ndi phulusa. Unkadziwa amene ukumenyana naye.

Choncho nditafika kuno n'kuona chisanu cha Disembala ndi Januwale, madzi a mu ndowa atauma gwa ngati mwala, dzuwa likulowa isanakwane 4 koloko, ndinati eya, ichi ndiye chilimwe cha kuno. Palibe kachilombo kangapulumuke. Ndinkayang'ana pawindo n'kumakondwa kuti chisanu chikundisosera munda kwaulere.

Za ntchemberezandonda ndinkanena zoona, iyo singapirire chisanu chotere. Koma tizilombo ta kuno ndi eni dziko. Tinaphunzira kalekale kulowa pansi, m'makungwa, m'masamba ogwa. Ndipo chachikulu chimene sindinachiganize n'chakuti zomera zokhalitsa zaka zambirizi sizichoka m'munda. Pamwamba zimaoneka zakufa, koma mizu ili moyo, yodzaza chakudya chimene chomeracho chasungira nyengo yofunda. Ndi nkhokwe yosatseka, ndipo mphutsi zija zinali zitagona m'nkhokwemo kuyambira Sepitembala.

Kukaulula

Ndinatha masiku atatu ndikuzemba mpanda. Lachiwiri ndinalimba mtima, ndinanyamula kamutu ka heuchera kopanda mizu kaja ndi mphutsi zingapo mu kachitini, n'kukagogoda.

"Agogo, ndakupherani maluwa anu."

Anavala magalasi, n'kusuzumira mu kachitini muja. Sanadabwe n'komwe. "Vine weevil," anatero, ngati akutchula dzina la m'bale wawo wovuta. Kenako anafunsa, "M'chilimwe chathachi sunaone masamba odyedwa m'mphepete?"

Ndinali nditaona. Masamba a bergenia ndi a rhododendron ya pakona anali ndi timabala m'mbali, ngati mwana wawayenda ndi chowengera zikhadabo. Ndinkati ndi zazing'ono, chomera sichingafe ndi zimenezo. Ndipo n'zoona sichifa nazo. Koma timabala timeneto ndi chidindo cha mayi wa mphutsizo. Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chinayimba miyezi itatu yathunthu, ine ndi amene sindinkadziwa kamvekedwe kake.

Anandikhazika pa mpando n'kundifotokozera, ndipo zina ndinakawerenga pambuyo pake pa tsamba la pa intaneti la Royal Horticultural Society, bungwe la za minda ya maluwa la kuno ku Britain. Kachilomboka ndi nankafumbwe ndithu, mphuno yake ndi yomweija, kungoti ndi wamkulu, mamilimita 9, wakuda mosawala, wa timadontho tachikasu chakuda pamsana. Sauluka. Amangoyenda, koma kukwera khoma kapena mphika kwa iye si nkhani. Masana amabisala, usiku ndiye amatuluka kukadya m'mphepete mwa masamba. Ndipo chimene chinandiimitsa mutu: onse ndi aakazi. Safuna mwamuna kuti abereke. Mmodzi yekha akalowa pakhomo panu amaikira mazira mazanamazana m'dothi nyengo yonse yofunda, mazirawo n'kuswa mphutsi zomwe zimadya mizu kuyambira kumapeto kwa chilimwe mpaka chisanu chitatha. Zomera za m'miphika ndizo zimavutika kwambiri, chifukwa mizu ilibe kothawira: heuchera, sedum, primula, cyclamen, ngakhale sitiroberi. Alimi a zipatso a chigawo chino cha Tayside amamudziwa bwino mdani ameneyu.

Ndinafunsa ngati mwina ndinalakwitsa kathiriridwe. Anaseka. "Mwanawe, mwina ndinakupatsa ndi mphutsi zomwe. Ine ndakhala nawo anthu amenewa zaka zambiri kuposa zomwe ndinakhala ndi malemu amuna anga."

Kenako anatenga kamutu kopanda mizu kaja, n'kukatsuka pa mpopi, n'kuthothola masamba a m'munsi kusiya atatu a pamwamba. Anati ndikakabzale mu dothi latsopano, mu mphika wotsukidwa, ndikaike pamthunzi. Heuchera akakhala kuti mutu wake sunaole, amatulutsa mizu ina. Dothi lakale lija anati ndisaliponye pa mulu wa manyowa.

Usiku umenewo ndinaimbira Amayi pa WhatsApp. Atamva nkhani yonse anayamba ndi funso lawo la masiku onse, lakuti maluwawo amadyedwa kapena. Kenako anati, "Nanga chachilendo n'chiyani? Mbatata sumaidziwa? Kholowa ali biriwiri pamwamba, ukakumba nankafumbwe wamaliza kale." Ndinangoti phee. Zaka zonsezi ndinkaidziwa mbatata yowawa ija, koma nzeru imeneyo ndinaisiya pa bwalo la ndege.

Mfiti ya tochi

Nkhondo yoyamba ndi ya manja, ndipo imachitika usiku. Vuto lake, kuno mu Juni usiku umachedwa kubwera. Dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko, ndipo mdima weniweni umayamba cha m'ma 11. Masiku amene sindili pa ntchito ndinkadikira mpaka nthawi imeneyo, n'kutuluka ndi tochi, ambulera ndi kachitini ka madzi a sopo.

Ambulera umaitsegula n'kuigoneka chagada pansi pa chitsamba, kenako n'kugwedeza nthambi. Nankafumbweyu akangomva kugwedezeka amadziponya pansi n'kupinda miyendo, kunamizira kufa. Akagwera pa dothi simungamuonenso, amafanana ndi kachibuluma. Koma mu ambulera amamveka ndithu kugwa, tho, tho. Ena umawapeza ali pa ntchito, atakhala pamphepete pa tsamba ngati wokwera njinga, akudya osatekeseka ndi kuwala. Chigoba chake n'cholimba, kumuphwanya ndi zala mpaka uchite kulimbikira. Ine ndimangowaponya m'madzi a sopo. Masana ndimanyamula miphika kuyang'ana kunsi ndi pansi pa mkombero, chifukwa ndi momwe amagona.

Bambo a kunyumba anandipirira sabata imodzi. Tsiku lina ndikulowa cha m'ma 12, ndinawapeza ataima pakhomo atapinda manja. "Mayi, kumudzi bwenzi pano nkhani ili kwa amfumu. Munthu wamkazi kuzungulira nyumba pakati pa usiku, ambulera ili chagada, mvula kulibe?" Ndinawaonetsa kachitini, munali 11. Mawa lake anagula mabatire a tochi osawatuma.

Ndinene chilungamo, kugwira pamanja sikuwamaliza. Amene wakuzemba mmodzi ndi wokwanira kudzaza mphika. Koma kumachepetsa, ndipo kunandiphunzitsa munda wanga usiku, umene sindinkaudziwa. Ndi pa maulendo amenewa pamene ndinakumana ndi chule wamkulu amene amakhala kuseri kwa mgolo wa madzi, ndi tizikumbu takuda tothamanga kwambiri tomwe poyamba ndinkatiponda, osadziwa kuti timadya mphutsi ndi mazira a adani anga. Kanungu ndinakaona kamodzi kokha, kakufwenthera pansi pa mpanda.

Nyongolotsi mu firiji

Maganizo anga oyamba, monga mwana wa mlimi, anali akuti ndikagule mankhwala amphamvu ndithane nazo kamodzi. Ku sitolo ya za m'munda ndinapeza kuti mashelefu si momwe ndinkaganizira. Mankhwala atatu a gulu la neonicotinoid, kuphatikizapo imidacloprid amene kale ankathiridwa m'miphika polimbana ndi mphutsi zomwezi, analetsedwa kugwiritsidwa ntchito panja mu 2018 chifukwa cha njuchi. Analipo ena othira m'dothi, koma anali a maluwa a m'miphika okha, osati a zomera zodyedwa. Ine miphika ya sitiroberi ili pomwepo, ndipo heuchera akamasula timaluwa take njuchi sizichokapo. Ndinatuluka chimanjamanja.

Agogo ndi amene anandiuza za manematodi. Ndinayamba ndakana. Kwathu liwu limenelo ndi la tsoka: tinyongolotsi tosaoneka tija totupitsa mizu ya tomato ndi fodya. Ndigule dala, ndithire m'munda mwanga? Koma mitundu yake ndi yambiri, ndipo iyi siikhudza chomera. Imasaka mphutsi m'dothi, n'kulowa m'thupi mwake, n'kutulutsa mabakiteriya amene amaipha m'masiku ochepa.

Apa ndi pamene kuzizira kwa dziko kumalowerera. Manematodi ndi amoyo, ndipo dothi likazizira kwambiri sagwira ntchito. Mtundu wina, Heterorhabditis, umafuna dothi lofunda madigiri 12 kupita m'mwamba, zomwe kuno kumpoto ndi za miyezi yochepa. Woyenera ife ndi Steinernema kraussei, amene amagwirabe ntchito mpaka pa madigiri 5. Ndinagula kachipangizo koyezera kutentha kwa dothi, chifukwa mphepo ikhoza kufunda masana pamene pansi pakadali pozizira. Nthawi yabwino kwambiri ndi kumapeto kwa Ogasiti mpaka Sepitembala, mphutsi zikadali zazing'ono, zisanawononge, dothi lisanazizire. Ukaphonya pamenepo umadikira mpaka Epulo, ndipo pofika nthawiyo mizu yapita kale. Ndiye kuti umathira mankhwala pa nthawi imene maluwa akuoneka osangalala kuposa nthawi ina iliyonse. Kwa ine, amene ndinazolowera kuthira ndikaona matenda, zimenezi zinali zovuta kuzimeza.

Anabwera pa positi, mu kapaketi kafulati, m'kati muli zinthu ngati ufa wonyowa. Amasungidwa mu firiji, ndipo sakhalitsa. Ndinawaika pakati pa mkaka ndi majarini. Mwana wanga wamkazi atawerenga pa paketipo anakuwa, n'kulengeza kuti sadyanso chilichonse cha mu firijimo. Amayi nditawauza anaseka mpaka foni kugwa. "Wapita ku Ulaya kukagula nyongolotsi ndi ndalama? Ukanati ndikutumizire za kudimba."

Kathiridwe kake n'kosavuta koma kali ndi malamulo. Ndinayamba ndanyowetsa dothi. Ndinadikira madzulo, chifukwa dzuwa limawapha. Paketi yonse imasungunulidwa nthawi imodzi mu ndowa, osasungako ina, kenako umagawa madziwo mu kheni ya mabowo akuluakulu, uku ukutakasa pafupipafupi chifukwa amakhazikika pansi. Ukatha, dothi lisaume kwa masabata awiri. Ku Scotland lamulo lomalizali mvula imakusungira yokha.

Ndiye umaima n'kumayang'ana dothi lonyowa. Palibe fungo, palibe chakufa chooneka. Umangokhala ngati wathira madzi wamba ndipo wina wakudyera ndalama.

Ena aja

Maso atatseguka, ndinayamba kuona ena. Mu Epulo, maluwa a lily atangotumphuka, panabwera kachikumbu kofiira piriwiri, kokongola ngati kopakidwa utoto wa zikhadabo. Ndi lily beetle, mlendo amene anakhazikika ku Surrey, kum'mwera kwa England, cha m'ma 1940 n'kumakwera kumpoto pang'onopang'ono. Iko kamagona chisanu chonse kali kakakulu, m'dothi ndi m'zinyalala. Ukakakhudza kamagwa chagada kuonetsa mimba yakuda, osakaonanso, choncho dzanja lina limayamba latchera pansi. Ukakagwira kamalira, tswii. Ana ake ndi onyansa, amadzikuta ndi ndowe zawo zomwe. Amenewo ndimawachotsa ndi kapepala, pamodzi ndi timazira tofiirira tondandalika kunsi kwa tsamba.

Chitsamba cha gooseberry chinandichititsa manyazi kamodzi. Lolemba chinali bwinobwino, Lachisanu kunatsala minga ndi zipatso zokha. Timbozi tobiriwira ta madontho akuda, ta gooseberry sawfly, timayambira pansi m'kati mwa chitsamba momwe suyang'ana, ndipo timabwera kangapo pa chaka. Tikakhuta timalowa m'dothi pansi pa chitsamba chomwecho kudikira chaka chamawa. Tsopano kuyambira kumapeto kwa Epulo ndimagwada kawiri pa sabata kusuzumira m'katimo.

Nsabwe za m'masamba ndinazisiya. Zimadzaza pa nsonga za maluwa mu Meyi, ndimazipsinya ndi zala ndikamadutsa, ndipo pakapita masabata awiri tizikumbu tofiira ta madontho tija, ladybird, ndi timbalame zimabwera kudzamaliza.

Tsache

Pali chimodzi chimene mpaka lero sindinagwirizane nacho mtima wonse. Ine ndinaleredwa ndi tsache. Pabwalo posasesa ndi pa munthu waulesi, ndipo zinyalala zimaitana njoka. Chaka choyamba, Okutobala atafika, ndinadula mapesi onse a maluwa, kusesa tsamba lililonse, munda kuti see ngati pabwalo la tchalitchi. Agogo anasuzumira pa mpanda n'kufunsa kuti, "Nanga anzako aja agona kuti?" Ankanena ladybird, tizikumbu takuda tija, chule, kanungu. Onsewo amadutsa chisanu m'mapesi ouma ndi m'masamba ogwa.

Koma lily beetle nayenso amagona momwemo, ndipo zimenezi ndinawauza. Anangokweza mapewa. Choncho tinagawana munda, ine ndi chikumbumtima changa. Kuzungulira lily ndi pansi pa gooseberry ndimasesa, n'kupalasa dothi pang'ono kuti mbalame zione zobisala. Kumpanda ndi kuseri kwa mgolo ndimasiya mpaka Malichi, ngakhale kuti ndikamajambula zithunzi zotumiza kumudzi mbali imeneyo ndimaibisa.

Ndinasinthanso kagulidwe. Duwa lililonse latsopano, kaya la ku sitolo kaya lopatsidwa ndi mnzanga wa ku tchalitchi, ndimayamba ndalizula mu mphika kuona mizu lisanalowe pakhomo. Ena amaona ngati ndikuwanyoza. Sedum ndinasiya kuika m'miphika, ndinamubzala pansi, kumene mizu imatambalala ndipo alenje a mphutsi amafikako.

Malichi wina

Pa mitu isanu yopanda mizu ija, itatu inagwira. Iwiri inaola. Chaka chino, Loweruka loyamba la Malichi, ndinatuluka ndi thumba la pulasitiki lomwe lija. Ndinagwira heuchera woyamba n'kukoka pang'ono, mtima uli m'mwamba. Anakana kubwera. Ndinakhuthula miphika yonse, umodzi umodzi, kufufuza ndi zala mpaka dzanzi. Ndinapeza mphutsi 4, zonse mu mphika umodzi umene unali kuseri kwa chitseko cha shedi, womwe ndikukhulupirira kuti ndinaudumpha pothira.

Wonenepa kwambiri pa itatu ija ndinaugawa pawiri, theka n'kuika mu kamphika kakang'ono kuti agogo aike pawindo la kukhitchini, poti kumunda sakutulukanso. Analandira, n'kuika magalasi, ndipo asanathokoze n'komwe anatembenuza kamphikako pa nyuzipepala ya pa tebulo, dothi mbwee, n'kuyamba kufufuza mizu ndi chala.

"Agogo, ndayang'ana kale."

"Ndikudziwa," anatero, osadzutsa mutu. "Tandipatsa supuni."